Magemu Amene Amakumbukira

Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira ndi manja angawa inali ya achimwene anga, ku Chilomoni. Anaigula yakale ku ofesi ina imene inkagulitsa katundu wotha ntchito, sikirini yake ya chimsana chachikulu ngati TV za makedzana. Inkakhala pa tebulo kuchipinda, yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi, ndipo lamulo linali lakuti osaiyatsa iwo kulibe. Loweruka lina, atatopa ndi kuchonderera kwanga, anandikhazika pa mpando, n'kulowetsa sidi yokalikakalika yolembedwa kuti Fallout. "Iwe paja umakonda zowerengawerenga," anatero. "Ine iyi yandikanika, yachulutsa nkhani. Tayesa."

Mawu awo aja, akuti yachulutsa nkhani, ndiwo malire a pakati pa iwo ndi ine mpaka lero. Tonse timakonda magemu a mtundu wa RPG, ndipo takhala tikusinthana masidi, kenako maflashi, kwa zaka zambiri. Koma chimene iwo amafuna mu gemu si chimene ine ndimafuna. Ndakhala ndikudzifunsa kuti magemu a pamtima panga akufanana pati, poti ena ndi okalamba, zithunzi zake za timadonthomadontho, ena ndi atsopano onyezimira. Chimene ndapeza n'chakuti onsewo amakumbukira. Ndikachita chinthu, chabwino kaya choipa, gemuyo imachisunga n'kudzandikumbutsa tsiku lina ndisakuyembekezera.

Kwa amene simunazolowere, RPG ndi gemu imene umatenga malo a munthu wina m'dziko lopeka. Umamusankhira nzeru, mphamvu ndi luso, n'kumamuyankhulira ndi kumuganizira. Muzu wake si kompyuta ayi. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera a pa tebulo otchedwa Dungeons & Dragons: anthu amakhala mozungulira, mmodzi akusimba nkhani, enawo akunena zimene anthu awo achite, ndipo pakakhala chokayikitsa amaponya madayisi. Kompyuta inangodzatenga mpando wa wosimba uja. Ife amene tinakula ndi nthano za madzulo tikudziwa kuti wosimba akati "Padangokhala", omvera sakhala duu, amavomera kuti "Tili tonse". Mu RPG kuvomera kwakoko kumatha kukhotetsa nkhani. Ukhoza kumuuza Kalulu kuti lero asapite kuchitsime, ndipo sapitadi, nthano n'kulowera kwina.

Fallout inatuluka mu 1997 ku kampani ya Interplay ku California, wotsogolera ntchitoyo ali Tim Cain. Nkhani yake ndi ya dziko limene linapsa ndi mabomba a nyukiliya mu 2077. Ena anapulumuka chifukwa anatsekeredwa m'mapanga okumbidwa pansi, ndipo iwe unabadwira m'limodzi mwa mapangawo, Vault 13. Tsiku lina kachipangizo koyendetsa makina oyeretsa madzi kafa. Mkulu wa phanga akukuitana, akukuuza kuti madzi otsala akwanira masiku 150 okha, pita kunja ukasake kena. Basi. Palibe ulosi, palibe zoti ndiwe mwana wa mfumu amene anatayika ali khanda. Wangotumidwa kukafuna sipeya ya mjigo.

Kachipangizoko ndinakapeza patatha Maloweruka angapo, pansi pa mzinda wogumuka wotchedwa Necropolis, mmene mumakhala anthu amene poizoni wa mabomba anawasupula khungu koma osawapha. Iwonso ankamwa madzi chifukwa cha kachipangizo komweko, poti pampu yawo yaikulu inali itawonongeka. Gemu sinandiletse kukazula n'kumapita, ndipo ndinakazuladi. Masiku ankatha, m'mutu mwanga munali anthu akwathu okhaokha. Pamapeto pa gemu yonse pamabwera zithunzi, mawu a mwamuna wina akufotokoza zimene zinagwera mudzi uliwonse umene unadutsamo. Atafika pa Necropolis anati anthu ake anatha ndi ludzu.

Ndinakhala pa mpando paja osagwedezeka. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa zigubu m'bandakucha, mpope utauma masiku angapo, akudziwa kuti madzi si nkhani yoseweretsa. Ndipo gemu sinalekere pomwepo. Nditabwerera ku Vault 13, nditawapulumutsa kawiri konse, mkulu uja anandiimika pakhomo n'kundiuza kuti ndasintha kwambiri, achinyamata akandiona adzafuna kutuluka nawonso, choncho ndisalowenso. Chithunzi chomaliza ndi cha munthu wanga akuyenda yekha kulowera kuchipululu. Sabata yotsatira ndinayambiranso pachiyambi. Ulendo uno ndinatsikira m'ngalande za pansi pa Necropolis, ndinapeza zitsulo zokonzera pampu, ndinaikonza, kenako n'kutenga kachipangizo kanga. Njirayo inalipo kuyambira kale. Ine ndi amene sindinafunse.

Pali zambiri zimene Fallout inachita zimene mpaka lero ndi magemu ochepa amayerekeza. Ukapanga munthu wa nzeru zochepa kwambiri, mayankho ako onse amasintha, umangoyankhula mawu osamveka ndipo anthu amakutenga moteromo. Mdani wamkulu, amene akufuna kusandutsa anthu onse kukhala zimphona, ukhoza kumugonjetsa osawombera chipolopolo: umamubweretsera umboni woti zimphona zakezo sizibereka, iye n'kuona yekha kuti zonse zimene anaphera anthu zinali zachabe. Pakamwa pamagwira ntchito imene mfuti ikanagwira.

Koma mukandipanikiza kuti nditchule imodzi yokha, ndi Planescape: Torment. Inatuluka kumapeto kwa 1999 ku Black Isle Studios, nthambi ya Interplay yomweyo, ndipo mlembi wake wamkulu anali Chris Avellone. Mawu olembedwa mu gemu imeneyi ndi pafupifupi 800,000. Ndinaisewera koyamba dikishonale ili pa miyendo, ndipo Chingerezi chambiri chimene ndimadziwa lero ndinachitola mmenemo.

Imayambira mu mochale. Munthu wako akudzuka pa tebulo la mitembo, thupi lonse zipsera zokhazokha, sakudziwa dzina lake ngakhale kumene wachokera. Woyamba kumuyankhula ndi chigaza choyandama m'malere, cholongolola, dzina lake Morte. Pamsana pa munthuyu pali mawu otemedwa ngati mphini, malangizo amene anadzilembera yekha asanaiwale, ndipo poti munthu sangaone msana wake, Morte ndiye amamuwerengera. Patapita nthawi yaitali, m'manda ena a pansi pa mzinda, umakapeza mawu omwewo atalembedwa pakhoma, koma ali ndi mzere wina womaliza umene Morte anaulumpha: usachikhulupirire chigazacho. Ndikukumbuka mmene ndinatembenukira kuyang'ana Morte pa sikirini, mnzanga amene ndinayenda naye masabata onsewo, mtima ukugunda ngati wandinamiza ndi munthu weniweni.

M'magemu ambiri, kufa ndiye chilango. Muno munthu wako, amene amangotchedwa Wopanda Dzina, safa. Akamupha amangodzukanso, nthawi zambiri mu mochale momwemuja. Poyamba umaona ngati mwayi. Kenako umadzamva kuti nthawi iliyonse iye akafa, kwinakwake munthu wina wosalakwa amafa m'malo mwake, ndipo mizimu ya anthu amenewo ndiyo mithunzi imene ikumusaka. Umamvanso kuti wakhala ndi moyo kambirimbiri, nthawi zina ali wabwino, nthawi zina wamisala, nthawi zina wankhanza wowerengera anthu ngati zida. Kulikonse kumene upite mu mzinda wa Sigil ukupeza anthu amene akukudziwa iwe usakuwadziwa, ena akukuthawa, ena akukudandaulira pa zimene sukuzikumbuka. Gemu yonse ndi kuyenda khomo ndi khomo kumva milandu yako.

Malo awiri sindidzawaiwala. Oyamba ndi ofatsa. Pakati pa zinyalala za mzinda pali kanyumba ka gogo wina, mzamba, dzina lake Mebbeth. Ukamupempha kuti akuphunzitse matsenga, sakuuza kanthu ka matsenga. Amakupatsa kambewu n'kukutuma kumsika kukafuna zitsamba zomera mu mbewu imeneyo. Ukabwera, amakutumanso kukatenga nsanza zake zimene anasiya kwa wochapa. Ukabwera, ulendo wachitatu, kukafuna inki. Ulendo uliwonse uli ndi kamfundo kake kofunika kuganiza, ndipo ukamabwerera kachitatu umakhala utatopa, ukuganiza kuti gogoyu akungokugwiritsa ntchito. Ndiye amatenga zitatu zija n'kukuonetsa kuti chomera mu mbewu ija ndi chimango, nsanza zouma gwa zija ndi masamba, inki ndi yolembera, ndipo m'manja mwako muli buku lako loyamba la matsenga. Ine ndinaleredwako ndi agogo aakazi amene sankafotokoza chifukwa chimene akukutumira. Umadzazindikira utakula kuti maulendo aja a kudimba ndi kuchigayo ndiwo anali maphunzirowo. Sindinayembekezere kuti anthu a ku California angandikumbutse agogo anga.

Achiwiri ndi owawa. Mu mochale muja mumakhala mzimu wa mkazi, Deionarra, amene amamutcha Wopanda Dzina wokondedwa wake. Pakati pa gemu umafika m'nyumba ina mmene amasunga zikumbukiro za anthu m'miyala, ndipo ukagwira mwala umamva zimene mwini wake anamva. Mwala wina ndi wa Deionarra. Ukaugwira umalowa mumtima mwake pa tsiku limene ankalonjeza kutsagana ndi mwamuna wake kulikonse, chikondi chake chonse ukuchimva. Koma poti mwamunayo ndiwe, umakumbukiranso nthawi yomweyo zimene iwe unkaganiza: kuti sunkamukonda n'komwe, unkangosankha mawu oti amukole, chifukwa unkafuna kuti akafere kumalo ena kuti mzimu wake udzakuthandize. Palibe nkhondo pamenepo, palibe chithunzi chochititsa kaso, ndi mawu okhaokha pansi pa sikirini. Ndinawerenga mpaka kumapeto, n'kuzimitsa kompyuta, n'kutuluka panja kukakhala pa khonde.

Palinso Dak'kon, wankhondo wokalamba wa mtundu umene unadzimasula mu ukapolo ndipo umadana ndi ukapolo koposa imfa. Iyeyu analumbira kuti adzakutumikira mpaka tsiku la imfa yako, asakudziwa kuti iwe sufa. Amene anamulumbiritsa, iwe wa moyo wina wakale, ankadziwa. Ukazindikira zimenezi, mnzako amene wakhala akukutchinjiriza pa nkhondo iliyonse umamuona ndi maso ena. Ndipo pakatikati pa zonsezi pali funso limodzi limene mfiti yokalamba, Ravel, imakufunsa: n'chiyani chingasinthe chibadwa cha munthu? Gemu imakupatsa mayankho ambiri oti usankhepo, chikondi, chidani, imfa, mphamvu, ndi ena. Ine ndinasankha kunong'oneza bondo. Ndaisewera kanayi tsopano, ndipo nthawi zonse ndikafika pamenepo ndimaima kaye n'kuganiza ngati ndikadali ndi yankho lomwelo.

Sindinganame kuti gemuyi ilibe chilema. Nkhondo zake n'zosakoma, ndipo chigawo cha kumapeto, ukachoka mu Sigil, chimaoneka kuti anachipanga mothamanga. Amene amafuna kumva lupanga likulira adzagwa nayo ulesi. Achimwene anaisiya asanatuluke n'komwe mu mochale.

Iwo gemu yawo ndi Diablo II, ya Blizzard North, ya chaka cha 2000. Umalowa m'phanga, umapha ziwanda mazanamazana, zimagwetsa golide, mphete ndi malupanga, umatola, umavala zabwinopo, umalowa phanga lina. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Achimwene, koma simutopa? N'chimodzimodzi dzulo ndi lero." Anandiyankha osachotsa maso pa sikirini. "Iwe, ine tsiku lonse ndakhala ndikumva mavuto a anthu kuntchito. Ndikafika pano sindifuna wina adzandidandaulire. Ndikufuna ndimenye, chigwe, nditole." Sindinatsutse, ndipo mpaka lero sinditsutsa. Diablo II inapangidwa mwaluso kwambiri. Kaphokoso ka mphete ikagwa pansi kamakoka mtima ngati ndalama yachitsulo yagwa pa simenti. Kungoti ine ndikaizimitsa, palibe chimene chimanditsatira kukagona.

Chimene ndimafuna china ndi anzanga a paulendo, ndipo apa ulemu upite kwa Baldur's Gate. Kampani ya BioWare inayambitsidwa mu 1995 ku Edmonton, ku Canada, ndi madokotala a chipatala, Ray Muzyka, Greg Zeschuk ndi Augustine Yip, ndipo gemuyi inatuluka mu 1998 pa masidi 5. Umayamba uli wofooka moti mmbulu umodzi pa njira ukhoza kukutha, choncho sungayende wekha. Umasonkhanitsa gulu la anthu 6, ndipo anthuwo ali ndi mitima yawo: ukamachita zankhanza abwino amadandaula mpaka kukuchokera, ndipo ena odana amatha kumenyana iwe ukuona. Ambiri amakumbukira Minsc, chimphona cha mtima wa mwana chimene chimayenda ndi kambewa kake Boo n'kumakafunsa nzeru. Ine ndimakumbukira Khalid, mwamuna wachibwibwi, wamanyazi, amene mkazi wake Jaheira ndiye amalankhula zonse. Ndinayenda nawo awiriwa gemu yoyamba yonse. Yachiwiri, Shadows of Amn, ya 2000, imayambira mu ndende ya mfiti ina, ndipo musanatuluke mumapeza Khalid ali gone pa tebulo, atafa kale. Palibe chimene ungachite. Jaheira, mayi wolimba uja, amasweka pamaso pako. Akanakhala munthu amene ndangomuona kumene sindikanamva kanthu. Koma ameneyu ndinamugulira chishango ndi ndalama zanga zoyamba.

Pa magemu a kampani ya Bethesda ndiye timakangana kwenikweni. Achimwene amati Skyrim, ya 2011, ndiye mfumu ya onse. Ndaisewera maola ambiri, ndipo mapiri ake achipale ndi okongoladi. Koma imandikomera mtima mopitirira muyeso. Munthu mmodzi yemweyo ukhoza kukhala mkulu wa sukulu ya amatsenga, mtsogoleri wa ankhondo, mkulu wa akuba ndiponso wa akupha anthu, ndipo dziko limangopitirira ngati palibe chachitika. Komanso pamwamba pa sikirini pali kamuvi kokulozera kopita, moti umatha kuyenda mtunda wautali maso ali pa kamuviko, osaona dziko.

Morrowind, ya 2002, ndiyo yanga. Amakutsitsa m'chombo cha akaidi pa kadoko ka Seyda Neen, pa chilumba cha Vvardenfell, n'kukupatsa phukusi loti ukapereke kwa munthu wina, Caius Cosades, ku Balmora. Kamuvi kulibe. Ukafuna malo umafunsa anthu, iwo n'kukulongosolera ngati mmene amachitira kumudzi: tsatirani mtsinje, mukawoloka mlatho wachiwiri mukhotere kumanja. Umalemba, umayenda, umasochera, umabwerera kukafunsanso. Eni dziko amakutcha mlendo, ena mokunyoza poyera, ndipo ulemu wawo umaupeza pang'onopang'ono. Kuli mzinda umene akuluakulu ake amakhala m'chigoba cha nkhanu yaikulu, kuli amatsenga okhala m'nsanja za bowa, kuli mphepo ya phulusa yochokera ku phiri la moto imene imakuphimba m'maso. Ukapha munthu wofunika pa nkhani, gemu sikuletsa. Imangokuuza kuti wadula ulusi wa ulosi, usankhe kubwerera pamene unaseva kapena kukhala m'dziko limene waliwononga wekha. Lupanga lako limaphonya kambirimbiri poyamba ngakhale mdani ali pamphuno, chifukwa kuseri kuli madayisi, ndipo ambiri amaisiyira pomwepo. Ine ndinapirira, ndipo mpaka lero njira ya ku Balmora ndimaidziwa pamtima.

Ultima IV, ya Richard Garriott, ya 1985, ndinaisewera mochedwa, kungofuna kuona kumene zinthu zinachokera. Mulibe mdani wamkulu woti ukaphe. Ntchito yako ndi kukhala munthu wa makhalidwe 8, monga kuona mtima, chifundo, chilungamo ndi kudzichepetsa. Wogulitsa mankhwala a matsenga ndi wosaona, amakuuza mtengo, ndipo ukhoza kumupatsa ndalama zoperewera iye osadziwa. Gemu sinena kanthu. Imangolemba.

Pa magemu atsopano, The Witcher 3, ya CD Projekt Red ya ku Poland, ya 2015, ili ndi chigawo chimodzi chimene ndimachiika pambali pa Torment. Munthu wako, Geralt, mlenje wa zilombo, akusaka mwana wake womulera, ndipo amene ali ndi uthenga ndi mkulu wina wa asilikali amene anadzilonga ufumu m'dera la Velen, wodziwika kuti Bloody Baron. Iyenso mkazi wake Anna ndi mwana wake Tamara asowa, ndiye mumagwirizana kuthandizana. Ukamafufuza umapeza kuti sanabedwe. Anathawa, chifukwa bamboyu akaledzera ankamenya mkazi wake. Usiku umene anathawawo mayiyo anapita padera, ndipo bamboyu anakakwirira kamwanako payekha, mobisa, kopanda dzina. Kamwanako kanadzuka ngati chilombo.

Gemu imakupatsa njira ziwiri. Ukhoza kukapha. Kapena ukhoza kumuuza bamboyo kuti akanyamule m'manja mwake, ayende nako usiku mpaka pakhomo la nyumba yake, akapatse dzina, apemphe chikhululuko, n'kukaika pansi pa khomo monga mwa mwambo wakale wa dzikolo. Ndinasankha yachiwiri. Kumuona mwamuna wamkulu uja, wa ndevu, wankhanza, atafungatira kanthu kowopsa kaja n'kukatcha Dea, mawu akunjenjemera, kunandifika penapake pamene sindinkadziwa kuti pali bala. Kwathu nthayo silirika. Amayi aakulu amakaika mwakachetechete, abambo osapitako, ndipo mawa lake moyo umapitirira. Zinachitikapo m'banja mwathu ndili mwana, ndipo palibe anatifotokozera. Tinangoona amayi aang'ono atakhala chete masiku ambiri. Mwambo wa ku Velen ndi wina, wathu ndi wina, ndipo sindikuti wina ndi woposa unzake. Koma usiku umenewo ndinaganiza za mwana uja kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri.

Chimene ndimalemekeza n'chakuti gemuyi simuyeretsa Baron. Tamara ukamupeza amakuuza zimene anaona akukula, ndipo safuna kubwerera. Malinga ndi zimene unasankha kwina, pa nkhani imene inkaoneka yosakhudzana ndi iyi, bamboyu amatha kutenga mkazi wake wodwala mutu kukamufunira thandizo kumapiri, kapena umamupeza atadzimangirira pa mtengo wa pabwalo pake. Zina zonse za gemuyi, mapu odzaza ndi malo oti ukatole katundu, nkhondo zogubuduka, ndimazidutsa mwachangu.

Disco Elysium, ya 2019, yopangidwa ndi gulu la ZA/UM limene linayambira ku Estonia, mlembi wake wamkulu Robert Kurvitz, ndi mdzukulu weniweni wa Torment. Nayonso imayamba ndi munthu wodzuka osadziwa dzina lake, koma uyu ndi wapolisi wofufuza milandu amene wamwa mowa mpaka kufufuta moyo wake wonse m'mutu. Kuseri kwa nyumba ya alendo imene wagona kuli mtembo wolendewera pa mtengo, wakhala pamenepo masiku 7. Maluso ako 24 ndi mawu olankhula m'mutu mwako, lililonse likukukokera kwake, ndipo nthawi zina limene uli nalo lamphamvu ndi limene limakusocheretsa. Chilichonse chovuta chimagamulidwa ndi madayisi awiri, ndipo kulephera sikutseka nkhani, kumangoitsegulira khomo lina. Iyi ndiyo gemu imene inandisiyitsa chizolowezi chobwerera pamene ndinaseva ndikalakwitsa.

Muli kankhani kakang'ono kamene sikakhudzana ndi mlandu waukulu. Mayi wina wamba waima pa shopu ya mabuku, ndipo mukamacheza zimadziwika kuti mwamuna wake sanabwere kunyumba. Patapita masiku umapeza mtembo wa mwamuna pa mlatho wa matabwa m'mbali mwa nyanja, waterereka ataledzera. Ukafufuza umapeza kuti ndi yemwe uja. Tsopano uyenera kupita kukagogoda. Mnzako wa ntchito, Kim Kitsuragi, munthu wodekha amene ndimamuyesa mnzanga wabwino koposa onse amene gemu inandipatsapo, amaima pambali pako. Amene anatumidwapo kukanena uthenga wa maliro akudziwa kulemera kwa mapazi ukamayandikira khomo, mmene umayambira kutali, kufunsa za moyo, kudikira kuti akhale pansi. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mayankho pa sikirini, ndikusaka mawu amene sangamulase mayiyo koposa mmene uthengawo umulasire.

Baldur's Gate 3, ya Larian Studios ya ku Belgium, imene inatuluka mu 2023 n'kupata mphoto ya gemu yopambana chaka chimenecho ku The Game Awards, ndaisewera pang'ono chabe, pa makina a mnzanga. Imafuna malo okwana 150 GB ndi kompyuta yamphamvu, ndipo laputopu yanga ndi bandulo yanga sizingafikeko. Zimene ndinaona zinandisangalatsa, makamaka poona kuti gemu ya kukambirana, kusankha ndi kuponya madayisi yakondedwa ndi dziko lonse, patatha zaka zimene anthu ankati mtundu umenewu unafa pomwe Black Isle inatsekedwa mu 2003. Tsiku lina ndidzaimaliza. Pakali pano mwayi wanga ndi wakuti magemu amene ndimawakonda kwambiri ndi opepuka. Fallout, Torment, Morrowind ndi Baldur's Gate zoyamba zija zimapezeka pa GOG, sitolo ya pa intaneti imene CD Projekt inatsegula mu 2008, ndipo ukadawuniloda kamodzi sizifunanso intaneti. Zimayenda pa laputopu yakale, ndipo magetsi akazima batire imakufikitsa poti useve.

Pa holide yapitayi mwana wamkazi wa achimwene, amene ali ku sekondale, anabwera kudzakhala kwathu masabata awiri. Anaona ndikusewera Fallout n'kupempha kuti ayese. Ndinamupangira malo, n'kudziletsa kumuuza kalikonse. Anapanga mtsikana wochenjera pakamwa, wofooka pa nkhondo. Anapeza galu wina m'mudzi wa Junktown n'kumayenda naye. Tsiku lomaliza, bambo ake atabwera kudzamutenga, anali atafika pansi pa Necropolis, kachipangizo kaja kali patsogolo pake. Dzanja linaima pa mausi.

"Ankolo, ndikakachotsa, awawa azimwa chiyani?"

Ndinati sindinena. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso sikirini. Panja achimwene analiza hutala kachiwiri. Anaseva, n'kulemba dzina lake pa seviyo, n'kundiuza kuti ndisaigwire mpaka adzabwerenso mu Disembala. Ikadali pomwepo, pa mzere wachitatu, pansi pa zanga ziwiri.